Chikhalidwe anachisiya pakhonde m'buku la chitukuko la UN

Abale apagulu, sabata ino tiyeni tiunike buku lomwe si nthano kapena ndakatulo, koma limakhudza miyoyo yathu kuposa mabuku ambiri omwe timakambirana pano. Ndikunena chikalata cha zolinga za chitukuko chokhazikika, zija amati ma SDG, chomwe mayiko 193 a bungwe la United Nations anagwirizana ku New York mu September 2015. Muli zolinga 17 ndi mfundo 169, zonse zoti zikwaniritsidwe pofika 2030. Mabungwe ambiri omwe amafika m'midzi mwathu pa magalimoto oyera aja, mapulojekiti awo amatsamira pa chikalata chimenechi. Funso langa ndi limodzi basi: chikhalidwe anachiika pati?

Anachisiya pakhonde. Umphawi uli ndi cholinga chakechake, njala chake, madzi chake, magetsi chake. Chikhalidwe chilibe, chimangosuzumira apa ndi apo. Mfundo 11.4 ikukamba zoteteza malo ndi zinthu zomwe makolo anatisiyira. Mfundo 8.9 ikufuna kuti zokopa alendo zibweretse ntchito ndi kukweza chikhalidwe cha m'deralo. Mfundo 4.7 ikuti ophunzira adziwe kulemekeza zikhalidwe zosiyanasiyana. Ndiye pali 5.3 yomwe ikulimbana ndi miyambo yoipa monga kukwatiwitsa ana. Kupatula 4.7 yomwe nayo imathera m'kalasi, zinazi mukaziphatikiza mupeza kuti kwa olembawo chikhalidwe ndi chinthu chosunga ngati mbiya yakale, chogulitsa kwa alendo, kapena nthenda yofuna mankhwala.

Chondidabwitsa kwambiri ndi muyeso wake. Pofuna kudziwa ngati 11.4 ikuyenda, amawerengera ndalama zomwe dziko lagwiritsa ntchito pa munthu aliyense posamalira zamakolozo. Ife apamsika timadziwa kuti chilungamo cha malonda chili pa mbale yoyezera. Mbale ikakhala yoponda pansi, wina walira. Mudzi womwe wasunga nkhalango yake kuyambira nthawi ya agogo osatulutsa tambala, pa muyeso umenewu uli pa ziro. Dziko lomwe lamanga mpanda wodula kuzungulira mwala, anthu ake ataiwala kale tanthauzo la mwalawo, ndiye lakhoza. Zoona zimenezo?

Ine ndimagulitsa usipa ndi utaka wouma, choncho chitsanzo changa ndichitenga kunyanja. Ku Salima kuli chilumba cha Mbenje, m'dera la mfumu yaikulu Makanjira. Kuyambira cha m'ma 1950, mfumu ndi akuluakulu ake ndiwo amanena nthawi yotsekula ndi yotseka usodzi pachilumbacho. Dzinja likafika, cha mu December, asodzi onse amachoka, ndipo amabwereranso mvula ikamatha, pamwambo wotsekulira. Mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa, wophwanya lamulo amalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa. Nsomba zimapeza mpata woswana, n'chifukwa chake utaka wa ku Mbenje uli ndi dzina mpaka lero.

Tsono yerekezani ndi nyanja ya Malombe ku Mangochi. Chambo chitatha kumeneko, boma ndi mabungwe othandiza anayambitsa makomiti a m'madooko mu 1993 kuti asodzi azitenga nawo mbali posamalira nsomba. Maganizo anali abwino ndithu, koma makomitiwo anachita kubwera nawo, ndipo m'malo ena ankalimbirana mphamvu ndi mafumu. Chambo sichinabwerere ngati kale. Sindikunena kuti nyanja ziwirizi n'zofanana pa zonse, ayi. Ndikunena kuti lamulo lomwe anthu amaliona ngati lawo amaliopa ngakhale usiku popanda wolondera, pomwe lobwera ndi alawansi limatha tsiku lomwe alawansi yatha.

Chimodzimodzi mitengo. Mukamayenda pa minibasi kuchoka ku Lilongwe kupita ku Dedza kapena ku Dowa, taonani kumene kwatsala mitengo yachilengedwe yowirira. Ndi kumanda, komwenso m'midzi yambiri ya Achewa kuli dambwe. Palibe pulojekiti yomwe inadzala mitengo imeneyo. Yatsala chifukwa munthu salowako ndi nkhwangwa popanda chilolezo cha mfumu. Imeneyi ndi ntchito ya cholinga 15 chosamalira nkhalango, koma amene akuigwira satchulidwa n'komwe. Ndi pa mfundo 2.5 pamene nzeru za makolo zatchulidwako, pa nkhani ya mbewu ndi ziweto.

Wina anena kuti, nanga UNESCO siinatilemekeze kale? Inde. Gule Wamkulu ndi Vimbuza zinalengezedwa mu 2005, Tchopa inalowa m'kaundula mu 2014, nsima mu 2017, Mwinoghe mu 2018. Zojambula za pamiyala ku Chongoni zinazindikiridwa mu 2006. Timanyada nazo, ine ndemwe. Koma taonani momwe ulemuwo umathera kuno kwathu. Mlendo wamkulu akamatsika ndege, kapena akamatsekulira mjigo, magule amaitanidwa, avina mphindi khumi, apatsidwa ya sopo, kenako akuuzidwa kuti apatuke akuluakulu ayambe kukamba zachitukuko. Ovina aja ndi omwewo amene amadziwa kuti malo akumbidwa mjigowo anali a ndani, komanso chifukwa chake amayi sadzapitako kukatunga. Koma ndani amawafunsa?

Pano ndisabise mawu: si zonse zamakolo zomwe ndingaziikire kumbuyo. Ku Mbenje komweko akazi saloledwa kuponda pachilumba. Ife amene timayanika, kunyamula ndi kugulitsa nsombazo timadikira kumtunda, ndipo pokonza malamulo mawu athu ndi ochepa. Kulowa kufa ndi kusasa fumbi zapweteka amayi ndi atsikana ambiri. Ndiye olemba 5.3 sanalakwe. Pomwe anaphonya ndi poganiza kuti mankhwala ake achokera kunja kokha. Lamulo la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira, ndipo malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu 2017. Komabe dzina lomwe aliyense amakumbukira pa nkhondo imeneyi ndi la Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza, yomwe inathetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kuimitsa mafumu ang'onoang'ono omwe ankawavomereza. Mphamvu yomwe anagwiritsa ntchito mayi amenewa inali ya ufumu, ya chikhalidwe chomwecho. Makolo anamvera chifukwa wolankhulayo anali wawo.

Pa msonkhano wa MONDIACULT womwe UNESCO inachititsa ku Mexico City mu September 2022, mayiko 150 anagwirizana zopempha kuti chikhalidwe chidzakhale ndi cholinga chakechake m'ndondomeko yobwera 2030 ikadzatha. Ine ndikugwirizana nazo, koma mantha ndili nawo. Ngati cholinga chatsopanocho adzachiyeze ndi mbale yomweyi, tidzangoona zikondwerero zambiri, ma T-shirt ambiri ndi misonkhano ya m'mahotela a kunyanja, basi. Muyeso womwe ndingaukhulupirire ndi wofunsa kuti: pulojekiti isanayambe, anafufuza kaye malamulo omwe anthu ali nawo kale pa nsomba, mitengo, madzi ndi mbewu? Zokambiranazo zinachitika m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chitumbuka, kapena m'Chingerezi chomwe amamva ndi anthu atatu okha pabwalopo? Nanga amayi ndi achinyamata anapatsidwa mpata wotsutsa miyambo yomwe ikuwapsinja?

Ngakhale masomphenya athu a Malawi 2063 amakamba kwambiri zosintha kaganizidwe. Mawuwa timawamva pawailesi ngati kuti ofunika kusintha ndi akumudzi okha. Olemba ndondomeko nawonso asinthe kaganizidwe, asiye kuona mudzi ngati munda wopanda mwini womwe ukudikira khasu lawo.

Kwa inu olemba apagulu pano, ntchito ilipo. Zikalata ngati izi zimawerengera zokhazo zomwe zinalembedwa. Malamulo a ku Mbenje, a kumanda, a chipereganyu cha amayi pamsika, ambiri ali m'mitu ya anthu okalamba. Kwanuko kuli lamulo lanji lamakolo lomwe likusunga chitsime, dambo kapena phiri? Kalifunseni agogo akadali moyo, mulilembe m'chiyankhulo chathu, zabwino zake ndi zopweteka zake zomwe.