Kafukufuku wa ku Bavaria Anasiya Kuwerenga Odwala Atatuluka M'chipatala

Pokambirana za kuopsa kwa opaleshoni ya prostate yokula koma yopanda khansa, madokotala ambiri amatchula kafukufuku wa Oliver Reich ndi anzake, yemwe anasindikizidwa mu Journal of Urology mu 2008. Ofufuzawa anatsatira abambo 10,654 m'zipatala za ku Bavaria, m'dziko la Germany, omwe anachitidwa TURP, opaleshoni yopala prostate kudzera m'njira ya mkodzo popanda kung'amba pamimba.

Ziwerengero zake n'zolimbitsa mtima. Anamwalira ndi 0.1 peresenti yokha, ndipo 11.1 peresenti anakumana ndi vuto lina. Mwa odwala onse, 5.8 peresenti analephera kukodza, 2.9 peresenti anaikidwa magazi, ndipo 1.4 peresenti anadwala TUR syndrome, vuto lomwe limabwera madzi otsukira akalowa m'mitsempha n'kuchepetsa mchere wa sodium m'magazi. Ntchitoyi ndi yoyamikirika chifukwa odwala anali ochuluka ndipo zipatala zambiri sizinali za mayunivesite.

Koma kuwerengako kunathera pa tsiku lotuluka m'chipatala, pomwe mavuto ena amadza mochedwa. Chipsera chimatha kuchepetsa njira ya mkodzo kapena khomo la chikhodzodzo patapita miyezi, bambo n'kuyambanso kukodza modontheza ngati kale. Kwa abambo oposa theka, umuna umabwerera m'chikhodzodzo m'malo motuluka. Si vuto lakupha, koma kwa bambo amene akufunabe mwana, kapena amene sanauzidwe n'komwe, ndi nkhani yaikulu m'banja. Zonsezi mulibe mu 11.1 peresenti ija.

Olembawo sanabise malire a ntchito yawo. Mutu wake umanena kuti ndi zotsatira zoyambirira. Cholakwika chili kwa amene amatenga chiwerengerochi n'kumauza wodwala ngati kuti ndiye kuopsa konse.

Pali china chofunika ku Malawi. Kafukufuku yemweyo anaonetsa kuti mavuto amachuluka gawo lopalidwa likakhala lalikulu. Bambo amene wafika mochedwa, atakhala miyezi ndi kapaipi ka mkodzo, mwina impso zitafooka kale, sangafanizidwe ndi odwala a ku Bavaria, makamaka ngati amuchita opaleshoni yong'amba pamimba.

Mavuto ochedwawa amaonekera kumudzi ndi kuchipatala chaching'ono. Mlangizi wa zaumoyo akakumana ndi bambo wochitidwa opaleshoniyi, ngakhale patatha miyezi 6, afunse ngati mkodzo ukutuluka mwamphamvu, ngati ukudontha wokha, komanso ngati muli magazi. Wosakodza konse, wotuluka magazi oundana kapena wotentha thupi atumizidwe kuchipatala tsiku lomwelo.