Ndalama Zikachepa, Loboti Imabisala m'Khungu la Munthu

Wopanga filimu ya loboti yakupha amakumana ndi vuto limene anzake a mafilimu ena oopsa salidziwa. Chigawenga cha mpeni chimangofuna munthu wamtali, chovala chakuda ndi mdima pang'ono. Loboti imafuna chitsulo choti chiyende, amisiri ochiumba, mawaya, khungu la labala, ndi masiku ambiri ojambula zinthu zimene pa kanema zimatha m'masekondi ochepa. Chimene oonera abwerera ndi chomwecho chimene chimadya ndalama zonse.

James Cameron anakumana nazo zimenezi mu 1984 pojambula The Terminator ndi ndalama pafupifupi madola 6.4 miliyoni. Njira imene anapeza ndiyo yakhala ikudyetsa mafilimu otsika mtengo a mtundu umenewu mpaka lero: loboti ivale khungu la munthu. Mbali yaikulu ya filimuyo timaona Arnold Schwarzenegger akuyenda mouma thupi, maso akuyamba kutembenuka mutu n'kumatsatira pambuyo. Mafupa achitsulo amene Stan Winston ndi anzake anapanga amatuluka kumapeto kwenikweni, atapsa ndi moto, ndipo amayenda motsimphina. Kutsimphinako kunathandiza kubisa kudukizadukiza kwa chidole chimene ankachijambula chithunzi chimodzichimodzi, komanso kunawonjezera mantha, chifukwa chinthu chovulala chimene chikukulondolabe chimaopsa kuposa chathanzi.

Gawo lachiwiri la Cameron, mu 1991, linadya pafupifupi madola 100 miliyoni. Limenelo tilisiye, si la gulu limene ndikukamba. Amene ndimawaganizira ine ndi aja amene anapatsidwa dzina la filimu yodziwika, ndalama zochepa kuposa za poyamba, ndi masabata owerengeka kuti atulutse tepi. M'zaka za m'ma 1990 mafilimu oterewa anali mbwee, chifukwa ambiri sankapita n'komwe ku nyumba za kanema. Ankapita molunjika pa tepi ya vidiyo, ndipo chimene chinkagulitsa tepi chinali dzina ndi chithunzi cha pachikuto. Amene anakulira m'mavidiyo sho a m'misika yathu akudziwa mphamvu ya nambala 2 ikalembedwa pa bolodi pakhomo. Ndiye panabwera Cyborg 2, Cyborg Cop II, Cyber Tracker 2, Nemesis 2, Project Shadowchaser II, ndi ena otero.

Wopanga gawo lachiwiri amayamba ntchito atalandidwa zinthu ziwiri. Ndalama zachepa, ndiponso chinsinsi chinaululika kale. Oonera akudziwa kuti pansi pa khungulo pali chitsulo, ndiye kung'amba tsaya kuti mawaya aoneke sikudzidzimutsanso munthu. Luso lonse la mafilimu amenewa lagona pa zimene munthu amachita akafika pamenepa.

Ena amangobwereza. Albert Pyun anachita bwino ndi Nemesis mu 1992, koma pofika pa Nemesis 3 mu 1996 anadzaza nthawi ndi zithunzi zotengedwa m'gawo lachiwiri, ndipo woonera amazindikira msanga kuti akumugulitsa zomwe anagula kale. Ena amapeza kanzeru kamodzi kabwino. Mu Cyborg 2 ya 1993, mmene Angelina Jolie anasewera ali mtsikana wosadziwika, Jack Palance amaoneka nthawi zambiri ngati pakamwa kapena diso pa magalasi a TV akale. Zikuonekeratu kuti njira imeneyi inachepetsa masiku omulipira, koma pa kanema inabala chinthu chosaiwalika: mawu a nkhalamba akutuluka m'makina alionse amene ali pafupi, osadziwika kumene mwini wake ali.

Kuti tione kulephera bwinobwino, titenge Screamers. Filimu yoyamba, ya 1995, inachokera pa nkhani ya Philip K. Dick yotchedwa Second Variety, ndipo mmodzi mwa olemba ake anali Dan O'Bannon, yemwe analembanso Alien. Pa dziko lotchedwa Sirius 6B asilikali apanga timakina ta macheka toyenda pansi pa nthaka. Chimene timaona kawirikawiri ndi kamzere ka dothi kakutukumuka kulunjika kwa munthu, ndi phokoso lolasa m'makutu. Zotsika mtengo, koma zogwira mtima. Kenako timakinato tayamba kudzipanga tokha, n'kumatengera maonekedwe a anthu. Peter Weller akumana ndi kamnyamata kotchedwa David, kakukumbatira chidole, kakupempha kuti katsagane naye. Mphindi imene timazindikira kuti kamnyamatako ndi makina, ndipo pali ena ambirimbiri a nkhope yomweyo, filimu yonse imasintha. Kuyambira pamenepo munthu aliyense wolowa m'chithunzi timamukayikira.

Gawo lachiwiri, Screamers: The Hunting, linatuluka pa DVD mu 2009, motsogozedwa ndi Sheldon Wilson. Opanga ake anali ndi chida chimene anzawo a 1995 anali nacho pang'ono chabe, ndicho zithunzi za pakompyuta zotsika mtengo. Chidacho chinawapweteka. Poti tsopano akanatha kuonetsa chilichonse, anaonetsa chilichonse: timakina tikudumpha poyera, nsagwada zikutseguka, macheka akutuluka m'kamwa. Zithunzi za pakompyuta zikapangidwa mothamanga zimasowa kulemera. Chinthucho chimatera pa munthu koma thupi lake silisonyeza kuti lagundidwa ndi kanthu, kuwala kwake sikugwirizana ndi kwa chipindacho, ndipo diso la woonera limakana ngakhale mutu usanaganize. Chidole cha labala, ngakhale chioneke chabodza, chimakhala kuti chilipodi m'chipindamo, chili ndi mthunzi wake, ndipo wosewera amachigwira ndi manja. Koma vuto lalikulu la filimuyi lili m'kalembedwe. Imatipatsa gulu la opulumutsa anthu lochokera ku dziko lapansi limene likuphunzira pang'onopang'ono zinthu zimene ife tinazidziwa kalekale. Timakhala patsogolo pawo ulendo wonse, kudikira kuti atipeze. Lance Henriksen akatulukira chakumapeto filimu imayamba kupuma, chifukwa nkhope yake yokha imanyamula mbiri ya dzikolo, koma nthawi imakhala itatha.

Filimu imene ndimaiteteza ndi mtima wonse ndi ina, yomwe ambiri amaiponya kumbali: Class of 1999 II: The Substitute, ya 1994. Yoyamba, Class of 1999, anaitsogolera Mark L. Lester mu 1990. Ku sukulu ina ya sekondale ku Seattle magulu a achinyamata achiwawa alanda dera lonse, ndipo katswiri wina, Dr. Forrest, amene anaseweredwa ndi Stacy Keach, abweretsa aphunzitsi atatu omwe ndi maloboti a nkhondo. Pam Grier, Patrick Kilpatrick ndi John P. Ryan anasewera aphunzitsiwo. Kumapeto manja awo amasanduka zida, khungu limasupuka, ndipo ndalama zonse za filimuyo zimaonekera pamenepo.

Gawo lachiwiri analipereka kwa Spiro Razatos, munthu amene ntchito yake yeniyeni ndi kukonza zogwa, zophulika ndi zogundana kwa magalimoto, yemwe pambuyo pake anadzagwira ntchito yomweyo m'mafilimu a Fast & Furious. Ndalama zopangira loboti panalibe. Zitsulo zimene timaona m'filimuyi n'zobwereka ku gawo loyamba, zoikidwa ngati zokumbukira. Chimene anali nacho ndi Sasha Mitchell, wodziwika ndi mafilimu a Kickboxer, akusewera John Bolen, mphunzitsi wogwirizira amene amayenda sukulu ndi sukulu kupha ana osamvera. Amalankhula mosakweza kapena kutsitsa mawu. Akamuwombera sagwa. Wofufuza amene akumulondola akutiuza kuti loboti imodzi inatsala. Ife, poti tinaona gawo loyamba, sitifunsanso. Timangodikira kuti khungu ling'ambike.

Siling'ambika. Bolen ndi munthu. Ndi mwana wa Dr. Forrest, wosokonezeka mutu, amene amakhulupirira kuti ndi makina, ndipo zipolopolo zimalephera chifukwa wavala chovala chodzitetezera mkati.

Apa ndi pamene ndimagwira pakamwa. Zinthu ziwiri zija zimene wopanga gawo lachiwiri amalandidwa, Razatos ndi olemba ake anazisandutsa zida. Alibe loboti, ndiye nkhani yakhala yakuti loboti kulibe. Oonera akudziwa kale chinsinsi, ndiye kudziwa kwawoko ndi kumene kwawasocheretsa. Munthu amene sanaone gawo loyamba akhoza kukayikira msanga, koma amene analiona ndiye amagwa m'mbunamo. Zili ngati mayi amene ndiwo zamuthera n'kuphika nkhwani zotendera bwino mpaka alendo osafunsanso za nyama. Ndipo ukaibwereza filimuyi, kuuma thupi kwa Mitchell kumasintha tanthauzo. Poyamba umaona wosewera akuyesa kukhala makina. Kachiwiri umaona munthu wovulala mumtima akuyesa kukhala makina, chifukwa makina samva ululu ndipo saimbidwa mlandu. Nthawi zimene amayang'ana mphunzitsi mnzake Jenna, yemwe anaseweredwa ndi Caitlin Dulany, n'kuoneka ngati wasokonezeka, poyamba timati mawaya akulakwitsa. Zoona zake n'zakuti ndi mwamuna amene akumva chinthu chimene anadziletsa kumva.

Mantha ake ndi akuya kuposa a gawo loyamba. Loboti ikapha mwana wa sukulu timaloza chala amene anaipanga, ndipo ikaphwanyidwa nkhani yatha. Munthu akapha ana chifukwa wadziuza kuti iye ndi chida chongotsata malamulo, palibe waya woti udule. Mafilimu okwera mtengo kawirikawiri amafunsa ngati makina angakhale ndi mtima wa munthu. Kafilimu aka, mwina mosakonzekera, kanafunsa funso lobwerera m'mbuyo, la munthu amene wasankha kutaya mtima wake, ndipo funso limeneli ndi limene limandikhudza kwambiri.

Sindikunena kuti ndi filimu yopanda banga. Achinyamata ake achiwawa alembedwa mopepuka, amangokuwa ndi kuopseza, ndipo palibe mmodzi amene imfa yake imatipweteka. Chikhala kuti mmodzi yekha mwa iwo tinamudziwa ngati mwana wa munthu, ali ndi kwawo ndi zomudetsa nkhawa, kuululika kwa Bolen kukanatilasa kawiri. Nkhondo yomaliza, imene imachitikira pa masewera owomberana ndi mfuti za utoto, ikuonetsa kumene mtima wa Razatos unali: zophulika n'zokonzedwa mwaluso, anthu akugwa mochititsa chidwi, koma zimatalika mpaka kuphimba nkhani.

Cholakwa chimene chimandiwawa kwambiri ndi mmene chinsinsicho chimaululikira. Timachimva m'mawu, munthu akufotokoza. Filimu imene yatha ola lathunthu ikutinamiza kudzera m'maso inayenera kutiuza zoona kudzera m'maso momwemo. Cameron anaika loboti yake patsogolo pa galasi m'chipinda cha hotela, ikudzichotsa diso lowonongeka, kuti tione kuwala kofiira kuli mkati. Razatos anali ndi mwayi wojambula chithunzi chomwecho mobwerera: Bolen yekha patsogolo pa galasi, akutsegula bala kufuna mawaya, n'kupeza magazi ndi mnofu basi. Sichikanafuna amisiri a zitsulo kapena kompyuta. Chikanafuna galasi, botolo limodzi la magazi abodza, ndi kamera yoima malo amodzi pa nkhope ya Mitchell kwa theka la mphindi.