Mudzi wa Gourna ndi Mmisiri Wake

Pakati pa akatswiri olemba mapulani a nyumba, dzina la Hassan Fathy wa ku Egypt, amene adabadwa m'chaka cha 1900 namwalira mu 1989, limatchulidwa mwaulemu. Buku lake lotchedwa Architecture for the Poor, lomwe lidasindikizidwa ku Chicago mu 1973, likuwerengedwabe m'sukulu za zomangamanga. Ambiri amene amalitama amaikamba nkhani yake motere: mmisiri wokonda amphawi adayamba kumanga mudzi wokongola, koma akuluakulu a boma ndi anthu osayamika adamgwetsa mphwayi. Ife tikuona kuti kukamba kotereku kukusiya zambiri panja. Katswiri wa mapulani amaweruzidwa pa ulendo wonse wa ntchito, kuyambira tsiku limene adamva zofuna za mwini mpaka tsiku limene anthu alowa m'nyumba, ndipo tifuna tiyende naye Fathy pa ulendo umenewo.

Kutsidya kwa mtsinje wa Nile, moyang'anana ndi mzinda wa Luxor, kuli phiri lodzaza ndi manda akale a nduna za Afarao. Pamwamba pa mandawo padali mudzi wa Gourna, wa anthu pafupifupi 7,000. Ena mwa iwo ankalembedwa ntchito yokumba ndi ofufuza zakale, ena ankagulitsa zosemasema kwa alendo, ndipo ena, tisabise mawu, ankafukula manda mobisa ndi kugulitsa zimene apezamo. Boma litatopa ndi kuba kumeneku, nthambi yake yosunga zakale idagamula zosamutsa mudzi wonse. M'chaka cha 1945 idaitana Fathy nimpatsa maekala 50 kumunsi, pakati pa minda, kuti amangepo Gourna watsopano.

Pa nkhani ya zomangira, munthuyu sitingamchotsere kanthu. Nthawi ya nkhondo yachiwiri matabwa ndi zitsulo zidasowa mu Egypt, ndipo Fathy adaona kuti mmphawi atha kuumba zidina nkuimika makoma, koma denga ndilo limamsaukitsa. Adayesa kufolera ndi zidina zomwezo pa munda wina ku Bahtim, madengawo adagwa. M'malo mobwerera ku simenti, mu 1941 adapita ku Aswan kukaphunzira kwa amisiri a mtundu wa Anubia, anthu amene sadalowepo m'kalasi ya mapulani. Iwowa amayamba aimika khoma lalitali kumapeto kwa chipinda, nalembapo ndi matope chizindikiro chokhota ngati uta. Kenaka amasanja zidina zopepuka, za udzu wambiri, mopendekera ku khomalo, mzere uliwonse utatsamira unzake, mpaka denga lonse litseka popanda mtengo ndi umodzi womwe wochirikiza. Makoma ochindikala a dothi amachedwa kutentha masana ndipo amachedwanso kuzizira usiku, chinthu chimene aliyense wogonapo m'nyumba ya zidina ndi ya malata akuchidziwa. Kuti mphunzitsi wa ku Cairo akhale pansi kuphunzira kwa mmisiri wa kumudzi, pa zaka zimenezo, kudali kudzichepetsa kosowa.

Chiphunzitso chake chidali chakuti nyumba yabwino imabadwa pamene anthu atatu agwirizana: mwini, wolemba mapulani ndi mmisiri womanga. Tinganene kuti ndi mafuwa atatu a mphika umodzi. Adakana kumanga nyumba zofanana zondandalika m'mizere ngati za msasa wa asilikali. Adafuna kuti banja lililonse likhale ndi pulani yakeyake, ndi kuti mabanja a fuko limodzi azungulire kabwalo kawo monga ankakhalira kuphiri.

Komatu apa ndi pamene tiyenera kufunsa: mwini wa ntchitoyi adali yani? Wolamula ndi wolipira lidali boma. Okagonamo adali anthu a ku Gourna, amene sadapemphe nyumba, ndipo sadafunsidwe ngati akufuna kusamuka. Fathy mwini akuvomera m'buku lake kuti amuna a m'mudzimo sankafuna kukambirana naye za mapulani, popeza kutero kukadakhala kuvomereza msamuko, ndiponso kuti amayi, amene akadamuuza zenizeni za pophikira, posungira ufa ndi pogona ana, mwambo sunkamlola kulankhula nawo. Tsono mapulani aja otchedwa a banja lililonse adachokera kwambiri m'maso mwa mlendo woyang'ana, osati pakamwa pa eni. Mmisiri wochenjera akaona kuti womangiridwa nyumba wakhala chete, amaima kaye nabwerera kwa amene adamtuma. Fathy adapitirira, pokhulupirira kuti kukongola kwa mudzi kudzawakopa.

Ngakhale madenga amene timawatama aja adali achilendo ku Gourna. Adachokera ku Aswan, mtunda wa makilomita oposa 200 kummwera. Kwa anthu ambiri a chigawo cha Luxor, denga lozungulira ngati nkhali yovundikira lidali la pa manda a anthu oyera mtima a Chisilamu, osati la chipinda chogona. Anthu amene ankawachotsa pa manda adapatsidwa nyumba zowakumbutsa manda.

Nyumba za malonda ndizo zikuonetsa poyera pamene padalakwika. Fathy ankadziwa kuti minda yozungulira siyikadatha kudyetsa anthu onsewo. Choncho adayamba ndi nyumba za onse: mzikiti, sukulu, bwalo la zisudzo, msika, ndi chinyumba chotchedwa khan, mmene amisiri ochokera kwina akadakhalamo ndi kuphunzitsa anyamata ntchito zamanja. Maganizo ake adali akuti ofukula manda asanduke oluka nsalu ndi oumba mbiya. Pa pepala zidali bwino. Koma msika sukhala msika chifukwa cha zipilala zake. Umafuna ogula, ndipo ogula a anthu a ku Gourna, ndiye kuti alendo odzaona manda ndi ofufuza zakale, adali kuphiri komwe kuja. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Bambo wa ana asanu ndi mmodzi amene adakana kusiya ntchito yodziwika chifukwa cha lonjezo la mbiya sitingamutche mbuli.

Zotsala zidachitika msanga. Ndalama zinkachedwa m'maofesi, kolera idabuka m'dzikomo mu 1947, ndipo mtumbira wotchinga madzi udabooledwa, madzi nalowa m'mudzi watsopanowo. Fathy adakhulupirira kuti adachita zimenezi ndi anthu a ku Gourna. Pofika 1948 ntchito idaima, gawo laling'ono chabe la mudzi litamangidwa.

Masamba a bukuli onena za nthawi imeneyi ali ndi mkwiyo, ndipo mbali ina mkwiyowo ngwomveka. Makalaliki amene amasunga pempho la udzu wa zidina mpaka nyengo youmba itadutsa alipo m'dziko lililonse. Chimene chikutivuta ndi chakuti wolembayo akufufuza zolakwa za boma mosamala kwambiri, koma za anthu okana kusamuka akuzikamba ngati vuto lofunika kuligonjetsa, osati ngati yankho limene adampatsa. Mwina ena adzati katswiri wa mapulani sindiye adalamula msamuko. Nzoona. Koma iye ndiye yekha amene ankalowa m'maofesi a ku Cairo ndi m'makomo a ku Gourna, ndipo kutsogolera ntchito ndi kumeneko: kuuza wolipira, njerwa isadaikidwe ndi imodzi yomwe, kuti maziko a ganizo lake ngofooka.

Palinso mbali yomaliza ya ulendo, imene olemba mapulani ambiri saiganizira: moyo wa nyumba mmisiri atapita. Patapita zaka anthu adalowamo ndithu m'nyumba zija, ena ochokera kwina, ndipo ambiri adayamikira kuzizira kwake. Koma damu lalikulu la ku Aswan litatha mu 1970, minda idayamba kuthiriridwa chaka chonse, madzi a pansi pa nthaka adakwera, ndipo mudziwo udalibe ngalande zoyenera zotayira madzi oipa. Chinyezi ndi mchere zidadya maziko ndi makoma. Mabanja adakula, ndipo pamwamba pa denga lokhota mpovuta kuwonjezerapo chipinda cha mwana wokwatira. Ambiri adagwetsa nyumba za Fathy namanga zosanjikiza za simenti ndi njerwa zootcha, zotentha koma zokwanira ana ndi adzukulu.

Fathy adalandira mphotho ziwiri zazikulu mu 1980, ya Aga Khan ndi ya Right Livelihood, ndipo njira ya Anubia imene adaitchukitsa ikufolera nyumba zambirimbiri lero ku Burkina Faso, ku Mali ndi ku Senegal, kumene mabanja amaisankha okha. Gourna wakale adakhalabe paphiri mpaka kumapeto kwa 2006, pamene boma lidayamba kumgwetsa ndi makina ndi kusamutsira anthu ku nyumba zina zofanana, za m'mizere. Mu 2010 Gourna wa Fathy adalembedwa pa mndandanda wa World Monuments Fund wa malo ofunika kupulumutsidwa, ndipo bungwe la UNESCO lidalowererapo. Zimene zidakonzedwanso ndi mzikiti, bwalo la zisudzo ndi khan. Nyumba za mabanja, zimene mudziwo udamangidwira, zatsala zowerengeka.