Hercules ndi anthu amene sinema siwaonetsa

Mu 1958, ku Italia, Pietro Francisci anakonza filimu ya Hercules. Amene anasewera Hercules anali Steve Reeves wa ku America, katswiri wonyamula zitsulo, wa cifuwa ngati nkhunzi. Filimuyi inabweretsa ndalama zambiri. Basi, anthu a sinema anayamba kukonza zina zambirimbiri zofanana nayo: amuna a malupanga ndi nsapato za zingwe, m'dziko la Agiriki akale.

Tisaname, mafilimu awa amakoma. Hercules amazula mtengo ndi mizu yomwe kuti aimitse akavalo amene akuthawa ndi gareta. Pa mapeto amakulunga maunyolo pa nsanamira za nyumba ya mfumu, n'kukoka, nyumba n'kugwa. Ifenso timaomba m'manja.

Koma tiyeni tiyang'ane m'mbali mwa cithunzi. Anthu wamba ali kuti? Akuthawa, akukuwa, akudikira munthu mmodzi kuti awapulumutse. Nyumba yagwa ija, anasema miyala yake ndani? Anaisenza ndani? Filimu siyifunsa.

Nkhaniyi imakula tikafika pa The 300 Spartans, filimu ya mu 1962. Iyi siyi nthano cabe. Nkhondo yake inacitikadi pa mpata wa Thermopylae m'caka ca 480 Yesu asanabadwe. Mfumu Leonidas ya ku Sparta inatsekereza asilikali a Xerxes wa ku Persia, ndipo inafera pomwepo. Mu filimu, asilikali a Sparta amafera ufulu wa Agiriki. Ndi olimba mtima, sitikana.

Nanga minda yao ankalima ndani? Mwamuna wa Sparta sankagwira khasu. Ankayamba kuphunzira nkhondo ali ndi zaka 7. Minda inkalimidwa ndi anthu ogonjetsedwa, ochedwa heloti, amene ankapereka gawo la zokolola kwa ambuye ao caka ndi caka. Iwo anali ambiri kuposa ambuyewo. Ife alimi tikudziwa kulemera kwa mau akuti kupereka zokolola. Za moyo wao filimu siyifotokoza.

Cikhalireco, aheloti analiko ku nkhondoyo. Herodotus, Mgiriki amene analemba mbiri yake, akunena kuti pakati pa mitembo ya pa Thermopylae panalinso ya aheloti. Dzina la filimu linawerenga 300 okha.