Luso Lolankhulitsa Mwana ndi Zithunzi

Njira yolankhulana popereka zithunzi, yotchedwa PECS, inayambira ku Delaware, m'dziko la America, mu 1985. Anaikonza ndi Andy Bondy ndi Lori Frost pofuna kuthandiza ana aang'ono ovutika kulankhula, makamaka amene ali ndi autism. Ili ndi magawo 6, ndipo mwana amayamba ndi chithunzi chimodzi chokha: akapereka chithunzi cha mpira kwa mphunzitsi, amalandira mpirawo pompopompo.

Luso lenileni limaonekera pa gawo lachinayi. Apa mwana amamata chithunzi cha "ndikufuna" pa kachikatoni kakang'ono, kenako cha chinthu chimene akufunacho, n'kupereka chiganizo chonse m'manja mwa mphunzitsi. Mphunzitsi amawerenga mokweza, mwana akuloza ndi chala, koma asanatchule mawu omaliza mphunzitsiyo amayamba waima kaye, kuti mwina mwanayo awatchule yekha. Samukakamiza. Kudikiraku n'kovuta ndithu, pakuti akuluakulu ambiri amathamangira kumulankhulira mwana. Mwana akazolowera, amawonjezera mtundu ndi kukula kwa chinthu, monga "mpira wofiira". Ntchito yoleza mtima chonchi siyachibwana, ndipo aphunzitsi oigwira ngofunika kuwathokoza.