KODI FETELEZA WATHU AMAPITA KUTI?

Mvula yoyamba ikagwa, imani pa mlatho wa Njakwa muyang'ane mtsinje wa South Rukuru. Madzi ake amakhala ofiira ngati dothi loumbira njerwa. Ambiri timangoti mtsinje wadzaza, osazindikira kuti chikudutsa pansi pathupo ndi chonde cha minda ya ku Mzimba ndi ku Nkhamanga, pamodzi ndi feteleza amene tinagula ndi thukuta lathu.

Kuyambira mu 2005, pamene boma linayamba kugawa makuponi a feteleza wotsika mtengo, nkhani ya ulimi m'dziko muno yakhala ya kuwerenga matumba. Andale amalonjeza matumba, ife timafunsa matumba, ndipo ngakhale ansembefe tikamapempherera dzinthu sitifunsa za nthaka imene idzalandire fetelezayo. Apa ndi pamene talakwa. Feteleza si woipa ayi, pakuti wapulumutsa mabanja ambiri ku njala. Koma munda umene mitengo yake inathera ku zigafa za fodya, wopanda akalozera ndi manyowa, uli ngati dengu: sungasunge zimene wapatsidwa.

Mu feteleza muli michere iwiri, nayitrojeni ndi fosifolasi, imene imakulitsa chimanga. Michere yomweyo ikakokolokera m'madzi odikha, monga a m'madamu kapena a nyanja yosazama ngati Kazuni ku Vwaza, imakulitsa ndere ndi udzu wa m'madzi. Madzi amabiriwira, ndipo wosadziwa amayesa kuti ndi moyo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere! Nderezo zikafa ndi kuyamba kuola zimatha mpweya wa m'madzi, nsomba n'kubanika. Anzathu a ku Kenya ndi Uganda anaziona pa nyanja ya Victoria m'zaka za m'ma 1990, pamene namasupuni anatseka madooko. Kwathu kuno udzu wa mumtsinje wa Shire wakhala ukusokoneza makina a magetsi ku Nkula.

Choncho mlimi wa ku Henga amene walima dimba mpaka pa gombe penipeni amataya kawiri. Amataya ndalama zake, ndiponso amatumiza vuto kwa msodzi wa ku Mlowe, kumene Rukuru amathira m'nyanja ya Malawi. Awiriwa mwina sadzaonana, koma onse amayandikira guwa limodzi la Ambuye. Malemu Papa Francis, m'kalata yawo ya Laudato Si' ya mu 2015, anatikumbutsa kuti kuononga chilengedwe kumapweteka osauka poyamba. Ndipo buku la Genesis limaphunzitsa kuti munthu anaikidwa m'munda kuti aulime ndi kuusamala, ntchito ziwiri osati imodzi.

Abale anga, chaka chino tisanamasule thumba, tiyambe taunga akalozera, tibzale udzu wa vetiva, tithire manyowa, tikwirire fetelezayo bwino, ndipo tisiye bango ndi mitengo m'mbali mwa mtsinje. Mu Limana lathu tifunsane za zimenezi monga momwe timafunsirana za chopereka. Pakuti mnansi amene tinalamulidwa kumkonda ndi uja amene akutunga madzi kumunsi kwa munda wathu.