Phiri la Mulanje pa Kabolodi ka Masentimita 25

Pali chiyamikiro chimodzi chomwe chawononga ojambula ambiri kuposa chitonzo chilichonse: "Eee, ngati foto!" Munthu amawerama kutsogolo kwa chojambula cha phiri, mphuno kutsala pang'ono kugunda penti, n'kumawerenga masamba a mtengo, kenaka n'kugwedeza mutu kuti apa ndiye pagona luso. Wojambulayo amabwerera kwawo mtima uli m'malo, n'kukagula bulashi yaing'ono kuposa ija anali nayo. Chojambula chotsatira chimatuluka ndi masamba ochuluka, udzu wowerengeka umodziumodzi, koma phiri lenilenilo litafa. Zimenezi zimandiwawa kwambiri pa zojambula zing'onozing'ono, za masentimita 20 kwa 25 kapena kucheperapo, chifukwa pamalo ochepa chotero cholakwika chilichonse chimaonekera poyera.

Sindikudana ndi foto ayi. Mvula imagwa, dzuwa silidikira munthu, ndipo si aliyense angathe kukakhala m'munda wa tiyi maola atatu ndi penti wake. Ngakhale akatswiri akale ankaigwiritsa ntchito. Paul Cézanne, munthu wolimbikira kujambula ali pamalo penipeni, anajambula nkhalango ya Fontainebleau chipale chofewa chikusungunuka, cha m'ma 1879 ndi 1880, akuyang'ana foto. Chojambulacho chili ku Museum of Modern Art ku New York. Koma foto ya nthawi imeneyo inali yakuda ndi yoyera basi. Inamuuza poima mitengo ndi pogona miyala. Kuzizira kwa tsikulo, mitundu yake ndi kulemera kwa miyalayo anazitenga m'zomwe maso ake anazolowera kuona. Umo ndi momwe foto iyenera kugwirira ntchito: inene zochepa zomwe ikudziwa, kenaka ikhale chete.

Vuto ndi lakuti foto ya lero sikhala chete, ndipo imanama molimba mtima. Tengani foto yomwe aliyense wodutsa ku Mulanje ali nayo m'foni: minda ya tiyi patsogolo, mzere wa mitengo ya bulugamu pakati, phiri kumbuyo. Ukaima pamalopo, phirilo limakuphimba, umachita kukweza chibwano kuti uone pomwe lathera. Ndi phiri lofika mamita 3,002 pa Sapitwa. Koma m'foni lafupika, lathawira kutali, ndipo theka la foto ladzaza ndi zitsamba za tiyi zomwe zinali pamapazi pako. Galasi la kamera ya foni linapangidwa kuti lizitola malo otakata, ndiye limakuza zapafupi n'kuchepetsa zakutali. Wokopera foto mokhulupirika amakoperanso bodza limeneli, n'kudabwa kuti chifukwa chiyani Mulanje wake sakuopsa.

Bodza lachiwiri ndi la kuwala, ndipo ndilo lalikulu. Diso la munthu limasintha likamayenda: likalowa mumthunzi limaona zomwe zili mumthunzimo, likakwera kuthambo limazolowera kuwala. Kamera imasankha kamodzi. Ikasamala thambo, mithunzi imada bii. Ikasamala mithunzi, thambo limayera mbuu. Mafoni atsopano amathetsa vutoli m'njira yoipirapo kwa wojambula: amatola mafoto angapo nthawi imodzi n'kuwaphatikiza, kuwalitsa mithunzi, kudetsa thambo, mpaka chilichonse chifanane mphamvu ndi chinzake. Zojambula za dzuwa likulowa pa nyanja zomwe zimagulitsidwa kwa alendo, za bwato lakuda bii ndi mlambe wakuda bii kutsogolo kwa thambo lofiira, n'zobadwa kwa kamera. Aliyense amene anakhalapo pamchenga ku Cape Maclear madzulo akudziwa kuti bwato limakhalabe ndi mtundu wake, ndipo malaya a msodzi amaonekabe.

Nanga kamera ikanama pa kuwala, choona tichitenge kuti? Apa ndi pomwe ndimam'konda John F. Carlson, wojambula wobadwira ku Sweden yemwe ankaphunzitsa ku Woodstock m'dera la New York. M'buku lake la kajambulidwe ka malo, lomwe linatuluka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 ndipo likusindikizidwabe, anafotokoza chinthu chosavuta koma chotsegula maso. Kuwala kumachokera kumwamba, choncho kuwala kapena kuda kwa chinthu kumadalira momwe chinthucho chaimira pansi pa thambo. Thambo ndilo lowala koposa. Nthaka yathyathyathya imabwera pachiwiri, chifukwa imalandira kuwala kokwanira. Malo otsetsereka amaderapo. Zinthu zoima chilili, monga mitengo, ndizo zakuda koposa. Magawo anayi okha! Munthu akamvetsa zimenezi wapeza chida chokonzera foto iliyonse.

Bwererani nazo ku Mulanje. Thambo likhale lowala koposa, ngakhale foni italidetsa kuti mitambo ioneke bwino. Pamwamba pa tiyi pamakhala pathyathyathya chifukwa cha kadulidwe kake, ndiye pakhale pachiwiri. Phiri likhale lachitatu, mitengo ya bulugamu yachinayi. Kenaka onjezerani zomwe mtunda umachita. Leonardo da Vinci analemba kalekale kuti zinthu zakutali zimasanduka zabuluu chifukwa cha mpweya womwe uli pakati pa izo ndi diso, ndipo kwathu kuno zimenezi zimasintha ndi nyengo. Mu Okutobala, utsi wa moto wa kutchire ndi fumbi zimalituwitsa phirilo mpaka kutsala pang'ono kufanana ndi thambo. Mvula ikangokata, mpweya utayera, limada n'kusendera pafupi. Lamulo la Carlson si losasweka: dzuwa la madzulo likamenya khoma la Chambe loyang'ana kumadzulo, thanthwelo limawala kuposa minda ya m'munsi. Koma woswa lamulo akudziwa chifukwa chake ndi wosiyana kutalitali ndi wongotsatira foni.

Tsopano ndifike pa chomwe ndimachikhulupirira kuposa china chilichonse mu luso limeneli. Musanatsegule penti, tengani pepala ndi pensulo kapena khala, mujambule timabokosi titatu kapena tinayi ta masentimita 5 kwa 7. Foto muisandutse yakuda ndi yoyera, muiike patali pang'ono, mutsinzine maso mpaka masamba ndi timiyala tisowe, patsale zigawo zikuluzikulu zokha. Zigawo zimenezo ndizo muike m'kabokosi: zisanu, zikachulukitsa zisanu ndi ziwiri, chilichonse chodetsedwa ndi mulingo umodzi mwa inayi ija. Musalembe tsamba ngakhale limodzi. Kabokosi kamodzi kasakudyereni mphindi zoposa zitatu.

M'timabokosi timeneti ndi momwe chojambula chimabadwira kapena kufera. M'koyamba, kwezani phiri mpaka litenge magawo awiri mwa atatu a malo onse, nsonga yake itsale pang'ono kugunda pamwamba. M'kachiwiri, litsitseni, thambo ndi mitambo zilamulire. M'kachitatu, sunthani mitengo ija, chifukwa m'foto yaima pakati penipeni ngati mpanda wotsekera diso; isonkhanitseni mbali imodzi, musiye mpata woti diso lidutse kupita kuphiri. Mzati wa magetsi uchoke. Kanjira kofiira komwe m'foto kakutulukira pakona mukapinde kalowe m'kati. Mwa milingo inayi ija, umodzi utenge malo ambiri kuposa ina yonse, chifukwa ikagawana mofanana diso limasowa poyambira. Zonsezi mwazichita ndi pepala lotchipa, penti wodula uja asanakhudzidwe. Ndimachita chidwi kuti kabokosi kabwino kamaoneka kuti ndi Mulanje ngakhale uli kutsidya la chipinda, pomwe mulibe kanthu koma zigamba zisanu zotuwa. Ngati sikakugwira mtima pa msinkhu umenewo, maola khumi a bulashi sadzakapulumutsa.

Pali njira zina zomwe sinditaya nazo nthawi. Kulemba mizere ya mabokosi pa foto n'kumasamutsa bokosi limodzilimodzi kumaphunzitsa dzanja kumvera ndi mutu kugona. Kuunikira foto pa bolodi ndi makina n'kumatsata m'mphepete mwake ndi ntchito ya wolemba zikwangwani. Siponji yodindira masamba ingosiyidwa kukhitchini.

Mukasankha kabokosi kanu, pakani kabolodi konse penti wosungunula bwino, wa mtundu wa katondo, mudikire aume. Tengani bulashi yotakata ngati chala chanu. Pa kabolodi ka masentimita 25 idzaoneka yaikulu mopitirira, ndipo n'chifukwa chake ndikuifuna. Bulashi yaikulu imakana kujambula tsamba. Yambani ndi zigawo zakuda, penti ali wopyapyala, mumalize ndi zowala, penti ali wochindikala. M'mphindi makumi awiri kabolodi konse kakhale katakutidwa. Nthawi yonseyi muziyang'ana kabokosi kanu ka pensulo, foni itavundikiridwa pansi. Muitembenuze pokhapokha muli ndi funso lenileni: kodi phewa la phirili likutsetsereka motani? Mukapeza yankho, ivundikireninso. Ndipo chonde, zala ziwiri zokuzira foto zija muzimange. Mukangokuza, mupeza kanyumba komwe simunakaone, kenaka munthu wothyola tiyi, kenaka dengu lake, ndipo chilichonse chidzapempha malo. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Pa mitundu ndinena zochepa, chifukwa milingo ya kuwala ikakhala bwino mtundu umakhululuka zambiri. Wobiriwira wa m'chubu ndi msampha. Tiyi wa m'foto amaoneka wobiriwira mofanana kuyambira pamapazi mpaka patsinde pa phiri, pomwe diso limaona wachikasu ndi wofunda pafupi, wotuwa ndi wozizira kutali. Sakanizani wanu kuchokera ku chikasu ndi buluu, mudonthezemo kofiira pang'ono kuti aleke kukuwa, ndipo musiye katondo wa pansi uja azisuzumira apa ndi apo. Mithunzi isakhale yakuda, chifukwa mumthunzi mumagwa kuwala kwa thambo. Ogwiritsa penti wa acrylic akumbukire kuti amaderapo akauma, ndiye thambo alisakanize mowala kuposa momwe akufunira.

Kamera imanola malire a chinthu chilichonse mofanana, kuyambira tsamba la pafupi mpaka mwala wa pansonga. Diso silitero: limaona bwino malo amodzi okha omwe likuyang'ana. Sankhani malo amodzi, mwina pomwe mtengo wakuda ukukumana ndi tiyi wowala, pamenepo malire akhale akuthwa. Kwinako afeweretseni, ndipo pena asowe ndithu, tsinde la phiri lisungunukire m'mitengo. Pa chojambula chaching'ono, malo amodzi akuthwa ndi okwanira.

Wina anena kuti chojambula chotere n'chosatha, n'chiyambi chabe. Ayang'ane za Camille Corot. Mu 1826, ali ku Italy, anajambula mlatho wakale wa ku Narni ali pamalopo, pa kachinthu ka masentimita 34 kwa 48, ndipo lero kali ku Louvre. Chaka chotsatira anapanga chachikulu chokaonetsa ku Salon ya ku Paris, chomwe tsopano chili ku National Gallery of Canada ku Ottawa. M'chachikulucho anasalaza zonse, anaonjezera mitengo italiitali, njira ndi anthu. N'chaulemu, n'chomalizidwa, koma dzuwa linatsalira m'kakang'ono kaja, momwe zigwembe ndi mtsinje zili zigamba zochepa zoikidwa mwachangu ndi molondola. Ndikaika ziwirizi pamodzi sindizengereza n'komwe. Kutha kwa chojambula sikuyezedwa ndi kuchuluka kwa zomwe zaikidwamo.

Chinthu china chimayamba foto isanatoledwe. John Constable, pojambula mitambo ku Hampstead mu 1821 ndi 1822, ankalemba kuseri kwa mapepala ake tsiku, nthawi ndi komwe mphepo inkachokera. Wotola foto yoti akajambule achite chimodzimodzi. Aime kaye, ayang'ane, alembe m'kabuku: chowala koposa ndi chiti, chakuda koposa ndi chiti, mthunzi wa phiri ukupendekera ku buluu kapena ku kufiirira, ndipo chomwe chamuimitsa pamenepo n'chiyani. Mizere inayi imeneyo idzam'thandiza kuposa mafoto makumi atatu. N'chifukwa chakenso kujambula kuchokera pa foto ya pa intaneti, ya malo omwe munthu sanapondeko, kumabala zinthu zopanda moyo: palibe chomwe akukumbukira choti atsutse nacho kamera.

Kwa aphunzitsi a zojambula ndi oweruza mipikisano ndili ndi pempho limodzi. Lekani kuwerama. Bwererani m'mbuyo mamita atatu, mutsinzine maso, muone ngati thambo, nthaka, phiri ndi mitengo zaima chilichonse pa mulingo wake. Funsani wophunzira akuonetseni timabokosi take musanam'funse foto yomwe anatengera. Amene alibe timabokosi abwerere akayambire pamenepo, ngakhale masamba ake atakongola chotani.